KODI CHIPANI NDI MFUNDA WOBADWA NAWO?

Patchuthi cha Khrisimasi wa 2025 ndinali kwathu, m'mudzi woyandikana ndi nkhalango ya Kuti m'boma la Salima. Kumeneko mbidzi zimadya msipu kuseri kwa waya, ife tikupalira chimanga kuno. Tsiku lina madzulo, titatha kudya nsima ya usipa, tinakhala pakhonde ine, amalume ndi agogo aamuna. Nkhani inagwera pa chisankho cha pa 16 Sepitembala chaka chomwecho. Ine ndinayamba kutchula za mipando ya aphungu monga ndinamvera pa wailesi, koma amalume anandidula pakamwa.

"Mphwanga, usadzitopetse ndi manambala. Chigawo chapakati ndi cha tambala wakuda, kummwera kuli eni ake, kumpotonso kuli eni ake. Chipani chili ngati mfunda. Wa Phiri ndi wa Phiri basi, sangadzuke m'mawa n'kukhala wa Banda."

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati: "Mdzukulu wanga, usawamvere amalume akowa. Ine chibwerere matipate ndavotera phungu kasanu ndi kawiri, ndipo chala changachi sichinagwe pa chizindikiro chimodzi nthawi zonse."

Nditabwerera kusukulu ndinapeza kuti mawu a amalume ali ndi abale ake ambiri pakati pathu. Ena amafunsa mnzawo boma limene amachokera, kenaka n'kumuuza chipani chake iye asanatsegule pakamwa. Zimenezi zinandivuta mumtima. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho ndinapempha aphunzitsi athu a mbiri yakale kuti andithandize kupeza zotsatira za zisankho za aphungu kuyambira pachiyambi. Ndazisanthula, ndipo maganizo anga ndi akuti agogo ndiwo analondola. Ndiloleni, okondedwa awerengi, ndifotokoze chifukwa chake.

Zisankho zopanda chosankha

Chisankho chachikulu choyamba chimene anthu akuda m'dziko muno anaponyapo voti mwachindunji chinachitika pa 15 Ogasiti 1961, dzikoli likadali Nyasaland. Panali mipando 28 ndi kaundula wa mitundu iwiri, wapamwamba ndi wapansi, malinga ndi chuma ndi maphunziro a munthu. Olembetsa onse anangopitirira pang'ono 100,000. Malawi Congress Party inatenga mipando 22, United Federal Party imene inkafuna chitaganya inapeza 5, ndipo umodzi unapita kwa woima payekha, a Colin Cameron. Tizindikire apa kuti Kongeresi inapambana kumpoto, pakati ndi kummwera komwe. Anthu a ku Karonga ndi a ku Nsanje anavota mofanana chifukwa onse anali ndi mdani mmodzi, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Mu 1964 mavoti sanaponyedwe n'komwe, pakuti onse 50 oimira Kongeresi analibe opikisana nawo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi mwalamulo. Zisankho za 1971 ndi 1976 zinadutsanso popanda mpikisano. Kuyambira 1978 anthu anayamba kuponya voti, koma ankasankha pakati pa anthu a chipani chimodzimodzi amene mayina awo anali atavomerezedwa kale ndi Dr Banda. Zinali choncho mu 1983, 1987 ndi 1992. Phungu wa nthawi imeneyo ankaopa kumwamba kuposa kumudzi. Mu Meyi 1983 aphungu anayi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza. A Gadama kwawo kunali ku Kasungu, a Sangala ku Dedza. Kubadwira m'chigawo chapakati sikunawapulumutse.

Choncho pa zaka pafupifupi makumi atatu zimenezi palibe angatiuze kuti chigawo chakuti chinkakonda chipani chakuti. Munthu amene wapatsidwa ndiwo imodzi sitinganene kuti ndiyo amaikonda.

Mapu a 1994

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha pa riferendamu pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo oposa 63 mwa anthu 100 aliwonse anasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 panachitika chisankho chimene amalume anga amachiganizira akamalankhula. Mipando inali 177. UDF ya a Bakili Muluzi inapeza 85, MCP inapeza 56, AFORD ya a Chakufwa Chihana inapeza 36.

Tikagawa manambalawa m'zigawo, mtima umagunda. Kumpoto kunali mipando 33, ndipo AFORD inasesa yonse. Kummwera kunali 76, UDF inatenga 71. Pakati panali 68, MCP inatenga 51. Ndikuvomereza kuti munthu woona mapu amenewa akhoza kunena kuti dziko lathu ndi maiko atatu omangidwa ndi luzi. Sindikufuna kubisa zimenezi.

Koma tiyeni tifunse kuti n'chifukwa chiyani anthu anavota chotero. Anthu akumpoto ankakumbukira kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndi kuti mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera m'zigawo zakwawo. Ankakumbukiranso kuti a Chihana anamangidwa pabwalo la ndege mu Epulo 1992 chifukwa chofuna demokalase. Anthu a ku Mangochi ankakumbukira mazunzo amene anawagwera pambuyo pa kuukira kwa a Masauko Chipembere mu 1965. Anthu apakati ankakumbukira likulu la dziko limene linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndi njanje yochokera kwathu ku Salima kupita ku Lilongwe imene inatsegulidwa mu 1979. Ambiri ankaopanso kuti boma latsopano lidzawalipsira. Aliyense analowa m'kachipinda kovotera atanyamula zimene anaona ndi maso ake. Zimene munthu waona zimatha kusintha akaona zina. Mfunda ndiwo susintha.

Ndipo ngakhale m'chaka chimenecho mapu anali ndi zigamba. MCP inapeza mipando 5 kummwera, makamaka kuchigwa cha Shire kwawo kwa a Gwanda Chakuamba. M'chigawo chapakati mipando 17 sinapite kwa tambala: AFORD inapeza 3, UDF inapeza 14, ku Ntcheu, mumzinda wa Lilongwe ndi m'mbali mwa nyanja muno.

Zimene zinatsatira

Chikhala kuti chipani ndi mfunda, bwenzi manambala a 1994 akubwerabe chisankho chilichonse. Taonani zimene zinachitika.

AFORD inali ndi mipando 36 mu 1994. Mu 1999 inatsika kufika pa 29. Mu 2004 inatsala ndi 6. Mu 2009 inatsala ndi umodzi, ndipo mu 2014 ndi 2019 unali umodzi womwewo. Kodi Atumbuka, Atonga ndi Ankhonde anasamuka? Iyayi. Anthu ndi omwewo, koma anaona kuti chipani chawo chikusinthasintha mabwenzi ndi kugawikana, ndipo anachitaya.

UDF inali ndi 85 mu 1994 ndi 93 mu 1999, pamene mipando inakwera kufika 193. Mu 2004 inatsika kufika 49, mu 2009 inapeza 17, mu 2014 inapeza 14, mu 2019 inapeza 10. Chipani chimene chinkatenga pafupifupi chigawo chonse chakummwera chinapanikizika m'maboma ochepa akummawa.

Nanga tambala wa amalume? MCP inapeza 66 mu 1999, ndipo mu 2004 inaposa UDF pa chiwerengero cha aphungu. Koma mu 2009 sinakwanitse ndi mipando 30 yomwe. Chaka chimenecho DPP ya a Bingu wa Mutharika, chipani chimene chinali ndi zaka zinayi zokha, inatenga mipando yoposa 110 m'zigawo zonse zitatu. Chifukwa chake agogo amachinena ndi mawu amodzi: makuponi. Anthu amene anaona njala ya 2002 ndi ya 2005 anaona nkhokwe zitadzaza chifukwa cha feteleza wotsika mtengo, ndipo anavotera nkhokwe. Patapita zaka zisanu, mafuta ndi ndalama zakunja zitasowa, anthu ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, DPP yomweyo inatsika kufika pafupifupi 50.

Pali chinanso chimene ambiri sachiona. Mu 1994 panalibe phungu woima payekha ndi mmodzi yemwe. Mu 1999 analipo 4. Mu 2004 anayandikira 40. Mu 2014 anafika 52, kuposa chipani china chilichonse. Mu 2019 anali 55, kufanana ndi MCP, pamene DPP inali ndi 62. Mu 2025, mipando itakwera kufika 229, oima paokha anachulukanso kwambiri. Munthu amene akuvotera woima payekha wakana chizindikiro cha chipani chimene amati ndi chakwawo. Kodi ameneyu tingamunene kuti amavota ngati nkhosa?

Kwathu kunyanja

Ndibwerere ku Salima, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amene amadziwa boma lathu pongodutsa pa basi amati ndi la Achewa. Koma pitani padoko ku Senga Bay m'mawa mabwato akamakocheza. Mumva Chichewa, Chiyao, Chitonga ndi Chitumbuka pa mkeka umodzi wa usipa. Kwa Maganga, kwa Pemba ndi kwa Kuluunda kuli Asilamu ambiri, ndipo mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana. Kumtunda kwa Khombedza ndi kwa Mwanza kuli alimi a thonje ndi chimanga, ku Lifuwu kuli alimi a mpunga. Ku MAFCO kumabwera asilikali ochokera m'maboma onse. Anthu amenewa amakwatirana, amaikana m'manda, amagulitsana nsomba pangongole.

M'boma lotere chipani chimodzi sichingagone tulo. Salima yatumizapo ku Nyumba ya Malamulo aphungu a MCP, monga mayi Jessie Kabwila amene anapambana ku Salima North West mu 2014, ndipo yatumizaponso a zipani zina. Chitsanzo chodziwika ndi cha a Uladi Mussa ku Salima South. Anakhalapo phungu wa UDF, analowa DPP itangobadwa, anayambitsa chipani chawo cha Maravi People's Party chimene mu 2009 chinapeza mpando umodzi wokha, wawo womwewo, ndipo mu 2014 anapambana ngati a People's Party. Anthu anawapatsa dzina loti Chenjigolo. Kaya khalidwe losinthasinthali timalikonda kaya sitilikonda, likutiuza chinthu chimodzi: ovota a dera limenelo ankatsata munthu, mtundu wa nsalu ukusintha.

Phunziro la ku Wales

Aphunzitsi athu anandiuza kuti nkhani yotere si ya kuno kokha, ndipo anandipatsa chitsanzo cha Wales, dziko laling'ono la mu ufumu wa Britain lokhala ndi chilankhulo chakechake. Kuyambira 1922 mpaka chisankho cha 2024, chipani cha Labour chinapeza aphungu ambiri kuposa zipani zina ku Wales pa chisankho chachikulu chilichonse. Mu 2024 chinatenga mipando 27 mwa 32, Plaid Cymru inapeza 4, Liberal Democrats umodzi, Conservative sinapeze kanthu. Amalume akanakhala a kumeneko akananena kuti Labour ndi mfunda wa anthu a ku Wales.

Komatu Labour isanabwere, Wales inali ya chipani cha Liberal, mwakuti mu 1906 Conservative sinapezenso mpando ndi umodzi womwe. Liberal inakula chifukwa alimi osauka, opemphera m'timatchalitchi tawo ta m'midzi, anatopa ndi eni minda olemera. Pambuyo pa chisankho cha 1868 alimi ena anathamangitsidwa m'minda chifukwa chovota mosiyana ndi mwini munda, pakuti nthawi imeneyo voti inkaponyedwa poyera. Nkhanza zimenezi zinathandiza kuti mu 1872 pakhale lamulo la voti yachinsinsi. Kenaka migodi ya malasha itakula, anthu a m'migodi anafuna chipani cha antchito, ndipo mu 1900 a Keir Hardie anapambana ku Merthyr Tydfil. Mu 1966 a Gwynfor Evans anapezera Plaid Cymru mpando wake woyamba ku Carmarthen, chifukwa anthu ankadera nkhawa chilankhulo chawo. Moyo ukasintha, voti inkasintha, ngakhale pang'onopang'ono. Ngati zili choncho kwa anthu amene akhala akuvota zaka zoposa zana limodzi, nanga ife amene tinayamba dzulodzuloli tingadzitsekere bwanji m'khola?

Tisadzinamize

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Mpaka lero MCP ndi yolimba m'maboma apakati, DPP ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, ndipo atsogoleri ena amadyerapo pa kusiyana kwa mitundu chifukwa n'kosavuta kusiyana ndi kumanga chipatala. Oima paokha ambiri ndi anthu amene anagwa kapena kuberedwa pa chisankho chachipulula cha chipani chawo, ndipo akangopambana amathamangira kumbali ya boma. Tinaziona mu 2005 pamene a Bingu anachoka mu UDF, tinazionanso mu 2012 pamene aphungu ambiri anakhamukira kwa mayi Joyce Banda. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa phungu kusiya chipani chimene anapambanira n'kulowa china m'Nyumbamo, koma kuligwiritsa ntchito kwakhala kovuta. Gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane, aphungu analifafaniza okha mu 1995.

Ifenso ovota tili ndi mlandu. Pa zisankho zambiri aphungu oposa theka sabwereranso. Ena amagwa chifukwa anasowadi kumudzi. Koma ena amagwa chifukwa sanagule mabokosi a maliro okwanira, sanalipire fizi, sanagawe nsalu ndi ndalama, chonsecho lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kulondoloza m'mene boma likugwiritsira ntchito misonkho yathu, ndi kutilankhulira. Tikamuyesa ndi muyeso wa bokosi la maliro, tidzasankha wolemera m'malo mwa wanzeru, ndipo wolemerayo adzafuna kubweza ndalama zake. Kusiya kuvotera mtundu n'kuyamba kuvotera thumba ndi kuthawa mvula n'kugwera m'dziwe.

Mpingo ndi bokosi la voti

Mbiri ya zisankhoyi ikukhudzanso Mpingo wathu, ndipo ili ndi maphunziro awiri. Mu 1960 a Chester Katsonga, amene anali Mkatolika, anayambitsa Christian Democratic Party. Nyuzipepala ya Kongeresi, Malawi News, inadzudzula Arkiepiskopi Theunissen wa ku Blantyre kuti ndiye anali kuseri kwa chipanicho. Pa chisankho cha 1961 chipani cha a Katsonga sichinapeze mpando, koma chikaiko pa Akatolika chinatsala kwa zaka zambiri. Dzina la Mpingo likangomatidwa pa chipani, ngakhale mongonamiziridwa, mawu ake amapepuka.

Pa 8 Malichi 1992 aepiskopi athu, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, anatulutsa kalata ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi onse. Sanatchule chipani choti anthu achitsate. Analankhula za umphawi, malipiro ochepa, maphunziro, zipatala, anthu otsekeredwa popanda mlandu ndi ufulu wolankhula. Anaopsezedwa, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko, koma kalatayo inamveka kwa Apresibeteriyani, Aangilikani ndi Asilamu omwe, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Inamveka chifukwa sinali ya chigawo chilichonse. Popanda kalata imeneyo mwina manambala onse amene ndatchula kuyambira 1994 sakanakhalapo.

Pempho langa

Kwa anzanga ophunzira: ena mwa ife tsiku lina adzatumizidwa ku parishi kumene pa benchi imodzi pakhala wa tambala, wa chimanga ndi woima payekha. Tikazolowera pano kupatsa munthu chipani pongomva dzina la boma lake, kumeneko tidzakhala abusa a theka la nkhosa. Tiyambe lero. Pa zisankho zathu zazing'ono za pasukulu pano, tisafunse kuti mnzathuyu ndi wa kumtunda kapena wa kunyanja. Tifunse ngati amasunga nthawi, ngati amanena zoona, ngati amagawa ndiwo mosakondera.

Kwa abambo athu ansembe: tiphunzitseni mbiri imeneyi pamodzi ndi masamu ndi Chilatini. Limbikitsani a bungwe la Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi kuti azifotokozera anthu ntchito yeniyeni ya phungu chisankho chikadali kutali, osati mwezi womaliza wokha. Ndipo guwa likhale la onse.

Kwa inu makolo: mwana amamva zimene mumalankhula pakhonde. Mukamuuza kuti "ife kwathu ndi chipani chakuti", mwamupatsa ngongole imene sanakongole. Muuzeni chifukwa chimene munavotera m'mene munavoteramo, chimene munalonjezedwa ndi chimene munalandira. Akadzakwanitsa zaka 18 adzayese yekha.

Tsiku lobwerera kusukulu amalume anandiperekeza pa njinga mpaka pamsewu wa tala. Ndinawafunsa ngati pa zisankho zonse zija iwowo anavotera phungu wa tambala. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati: "Kamodzi kokha ndinavotera wina. Uja wathu anali atatha zaka zisanu osaponda kuno, mjigo uli chiwonongekere." Ndinawathokoza n'kukwera minibasi. Patchuthi chikubwerachi ndidzawatengera manambalawa kuti tikawerengere limodzi pakhonde pomwe paja, agogo ali pomwepo.